Si Chitenje Chanu, Achemwali

Chatsworth, Durban
20 Malichi, 1997

Okondedwa achemwali anga a Safina,

Asalamu alaikumu. Landirani moni wochokera kwa mng'ono wanu. Ndikufuna kumva za moyo wanu kwathu ku Namwera, makamaka msana uja umakugwirani nyengo yopalira. Nanga ana anga, kapena ndinene kuti ana athu, Farhana ndi Binti, akudzuka bwanji? Binti akukodzabe pamphasa? Musamamukalipire kwambiri, anatengera ine, inu ndinu mboni. Amalume a Nuhu ndi onse a pakhomo ndikhulupirira kuti Mulungu akuwasunga.

Kuno a Kasim ali bwino, akusokabe ku fakitale ya zovala ku Springfield. Za ine, m'kalata anthu amalemba kuti ndili bwino pang'ono. Ine sindilemba zimenezo. Sindili bwino, ndipo kunama kwanditopetsa.

Kalata iyi musapatse mwana wa sukulu kuti akuwerengereni. Khalani kuseri kwa nyumba muiwerenge nokha, ngakhale ndikudziwa kuti inu kuwerenga mumachita ngati mukusankha miyala mumpunga. Olo itenge tsiku lonse, palibe kanthu. Zilembo zikapindika musaseke, cholembera ndachikulunga kansalu chifukwa zala zanga zang'ambika.

Yanu ija ndinalandira Lolemba. Mizere inayi basi. Simunadandaule, simunanditukwane. Munangolemba kuti amalume aitanitsa abale tsiku lotsatira Idi ya nyama, kuti akambe zoti inu munandilodza ndi chitenje, ndiponso zoti ana achotsedwe m'manja mwanu apite kwa apongozi anga. Kenako munamaliza ndi mawu oti ngati kuchoka kwa anawo kungandichiritse, awatenge, inu simukana.

Achemwali, mzere umenewo wandipweteka kuposa zilonda zonse zili m'thupimu. Zaka zitatu mwawalera ana aja. Binti ndinamusiya asanadziwe kuyenda bwinobwino, amayi amene amawadziwa ndinu. Ndiye muwapereke chifukwa cha ine? Ayi. Simunandilodze. Chimene chandidwalitsa ndikuchidziwa, ndipo ndakhala ndikuchibisa nthawi yonse imene inu mwakhala mukulozedwa zala pamjigo.

Ndiyambire kutali pang'ono kuti mumve bwino. Chithunzi chija tinakutumizirani, ine nditatsamira galimoto yofiira a Kasim ali mu suti, galimotoyo ndi ya madamu amene ndimawagwirira ntchito. Ife timagona kuseri kwa nyumba yawo, m'kachipinda kogundana ndi galaja. Bedi, sitovu ya palafini, sutikesi, basi chadzaza. Zenera lake limayang'ana khoma la aneba, munthu ukatulutsa mkono umaligwira.

Tsiku loyamba lenileni madamu anandiuza kuti pakhomo pawo wantchito woyembekezera sakhala. Amene analipo ine ndisanabwere anachoka chifukwa chomwecho. Ndipo chipindachi n'chantchito, ntchito ikatha chipindanso chatha, ine ndi a Kasim tonse tili pamsewu. Pamsewu wa kuno si pamsewu wa ku Mangochi ayi. Masiku amene anatidindira mu pasipoti anatha kalekale. Ndikakwera takisi ndimakhala ngati wosalankhula, yebo, inde wa Chizulu uja, ndi yekhayo amene amatuluka pakamwa, kuopa kuti lilime lingandigulitse.

Koma a Kasim, mukuwadziwa alamu anu akagwira chinthu. Akufuna mwana wamwamuna. Akuti atsikana awiri akwana, tsopano abadwe wa kuno, wokhala ndi pepala la dziko lino, mwina n'kutitsegulira njira tonse. Mwezi uliwonse ankandiyang'ana m'maso kudikira nkhani. Ndikawakumbutsa za madamu ankangoti Mulungu ndi amene amapereka chipinda.

Komanso pali china chimene inu nokha mungachimve. Kubadwa kwa Binti mukukukumbukira. Magazi aja osaleka, ngolo ija ya kuchipatala, inu mukundimenya mbama kuti ndisatseke maso. Nsalu zija munachapa ndinu. Kumeneko ndinali ndi inu. Kuno ndani angandimenye mbama? Ndinkaopa, achemwali. Ndinkaopa kufera m'dziko la eni n'kukwiriridwa ndi anthu osadziwa dzina la amayi anga.

Nyumba yoyandikana nafe mumagwira ntchito mayi wina wa ku Thyolo, dzina lake Enelesi. Timalankhulana monong'ona pampanda tikamayanika zovala, ndi yekhayo amene ndimaseka naye m'Chichewa. Iyeyo ndi amene anandiuza za jekeseni wolera wa miyezi itatu. Anati ku kiliniki amabaya ulere, safunsa zambiri, ndipo si mapilitsi oti bambo angawapeze pansi pa pilo. Anati iye wabayitsa zaka zinayi, ali gwa, sanadwalepo ndi chimfine chomwe. Sindikumuimba mlandu. Miyendo imene inapita kumeneko ndi yanga.

Ndinapita mu Ogasiti chaka chatha, nditanena kuti ndikukagula ndiwo. Atafunsa dzina ndinati Thandi. Anandibaya pamkono wakumanzere. Patapita masiku awiri pamalopo panayamba kuyabwa, n'kutuluka tiziwengo mpaka m'khosi. Sabata imodzi tinazilala. Ndinati mwina ndi sopo wa ufa amene madamu anali atangosintha kumene, n'kuiwala.

Tsopano mvetsetsani masiku ake, chifukwa mlandu wanu wonse wagona pamenepa. Jekeseni wachiwiri ndinabayitsa Lachiwiri, sabata yachitatu ya Novembala. Lachinayi anafika a Frazer, achimwene ake a Enelesi amene amanyamula katundu wa anthu pakati pa kuno ndi kumudzi. Anabwera ndi phukusi lanu, mpunga uja, usipa, ndi chitenje chobiriwira cha masamba achikasu. Ndinachinunkhiza ndinalira, chinali ndi fungo la utsi wa kukhitchini kwanu. Lachisanu ndinachivala. A Kasim pobwera ku mapemphero a Juma anandiyamikira, anati ndikuoneka ngati tsiku la chikwati.

Loweruka ndinadzuka maso osatseguka. Nkhope yatupa, milomo ngati ndalumidwa ndi njuchi, thupi lonse ziwengo zofiira zotentha. Kuyabwa kwake sindingathe kukufotokozerani. Si kwa chitedze ayi, chitedze chimayabwa pamwamba. Uku kumachokera m'kati, umakanda mpaka magazi koma sukufika pamene pakuyabwapo. Ndinkadzikhula pakhoma ngati mbuzi.

Koma zinayambira pati? Pamkono, achemwali. Pamene panalowa singano. Chitenje chimamangidwa m'chiuno, pamkono chimafikapo liti? Ine ndinaona zimenezo m'mawa womwewo, ndipo ndinavala bulauzi ya manja aatali.

Ndiye inayamba nkhani ya mafuta opaka. Enelesi anandigulira kachubu kumsika wa Warwick, kwa azimayi ogulitsa mafuta oyeretsa khungu, akuti amapha ziwengo tsiku limodzi. Zoonadi masiku atatu zinazilala, ndinati alihamudulila. Tsiku lachinayi zinabwerera ndi abale ake, matuza otuluka madzi, makamaka pamene ndinapaka kwambiri. Ndinagula mtundu wina. Madamu anandipatsa awo a ku famase, akuti amathandiza mwana wawo. Chubu chilichonse chimodzimodzi, kunyengerera masiku awiri kenako moto. Ine poona choncho ndinkawonjezera kupaka, m'mawa, masana, madzulo. Uchitsiru wake!

Madamu si munthu woipa mtima, koma anachita mantha. Anandichotsa kukhitchini. Anandipatsa magolovesi, kapu yanga ndi mbale yanga anaziika pazenera panja. Anati alendo akabwera ndisatuluke, pageti ndisaime, aneba angaganize kuti pakhomo pawo pali matenda aja. Mukudziwa matenda amene anthu amaganiza masiku ano akaona munthu wazilonda. Kuyambira Disembala dziko langa ndi kachipindaka, mochapira zovala, ndi chingwe choyanikira.

Disembala yemweyo a Kasim ananditengera ku Warwick, nditadzifunditsa mpango maso okha ali panja. Kumeneko pafupi ndi mlatho pali asing'anga a Chizulu ogulitsa makungwa ndi zikopa za njoka. Ine ndinawakumbutsa kuti Msilamu sapita koombeza, iwo anati nkhani ikafika pa mkazi wawo adzalapa pambuyo. Tinalowa m'kachisakasa ka bambo wina wokalamba. Anandiyang'ana manja, n'kufunsa m'Chizulu ngati pali chinthu chinafika kuchokera kutali matendawa asanayambe.

A Kasim anadziomba pabondo. Sing'anga uja dzina lanu sankalidziwa, achemwali, ndipo sanalitchule. Analitchula ndi alamu anu. Anafotokoza okha zonse, kuti kumudzi kuli mkulu wanga amene Mulungu sanamupatse mwana, kuti akusunga ana athu, kuti mwina sakufuna ndibwerere kapena ndiberekenso. Anaphatikiza ndi kusatenga pakati kwanga, akuti tsopano zamveka. Sing'anga ankangogwedeza mutu, ntchito yake anali atamugwirira kale.

Kenako bambo uja anatembenukira kwa ine. Anafunsa ngati pali china chimene ndinadya, kumwa, kapena chimene chinalowa m'thupi mwanga masiku amenewo. Anafunsa kawiri. A Kasim anandimasulira m'Chichewa kuti ndimve bwino. Ine ndinayang'ana pansi n'kupukusa mutu.

Ndikhoza kukuuzani kuti kuno tinazolowera kutseka pakamwa. Ndikhoza kunena kuti nthawi imeneyo ndinalibe umboni. Zonsezo n'zodzikhululukira. Zoona zake n'zoti ndinaopa a Kasim, ndinaopa ukwati kutha, ndipo ndinaona kuti inu muli kutali. Ndinati mumtima nkhaniyi ifera m'njira, siwoloka malire atatu. Ndinakuikani patsogolo kuti mwala ugunde inu. Inu amene munasiya sukulu kuti ine ndifike Sitandade sikisi, n'kudziwa kulemba kumene ndikulemberaku.

Nkhani sinafere m'njira. Sabata yomweyo a Kasim analemba makalata awiri, kwa amayi awo ndi kwa amalume. Ndinawaona akulemba, ndinali pabedi pomwepo ndikukanda. Anandiwerengera mokweza, n'kundifunsa ngati asiya kanthu. Ndinati ayi.

Analamulanso kuti chitenjecho ndichiwotche iwo asanabwere kuntchito. Ndinatenga chikatani chakale chimene madamu anataya, n'kuchiwotcha m'chitini kuseri kwa galaja, madzulo n'kuwaonetsa phulusa. Chanucho ndinachipinda n'kuchibisa pansi pa dengu la zovala zosita, kumene mwamuna safika. Musandifunse chifukwa chake. Dzina lanu ndinatha kuliwotcha, koma nsalu manja anakana.

Ramadhani ya chaka chino ndinaimva kuwawa. Kutentha kwa Durban mu Januwale n'konyowa, thukuta siliuma, ndipo likalowa m'zilonda umachita kuluma mlomo. Yunifolomu ya madamu ndi ya nailoni, inkamatirira pamatuza, povula inkachoka ndi khungu. Ndinkasala, ndinkaswali, koma popempha duwa pakamwa pankalemera. Munthu upempha bwanji machiritso uli ndi mfiti yabodza imene wapanga wekha?

Mu Febuluwale tsiku la jekeseni wachitatu linakwana. Mundikhulupirire, ndinapitanso! Ndi nkhope imeneyi, ndi manja amenewa, ndinakaima pamzere, chifukwa mantha a mimba anali akadali aakulu kuposa nzeru. Nesi atandivula mpango anangoti eish, n'kubweza singano m'mbale. Anafunsa kuti zinayamba liti. Ndinamuonetsa pamkono. Anayang'ana khadi, anayang'ana ine, n'kulemba kalata yoti ndipite kuchipatala chachikulu m'tauni kwa dokotala wa khungu, ndipo ndinyamule chilichonse chimene ndakhala ndikupaka.

Ndinanyamula machubu asanu ndi awiri m'jumbo. Potuluka ndinabwerera, n'kutenganso chitenje chanu.

Dokotala wake anali mayi wa Chimwenye wa imvi. Nesi ankandimasulira m'Chizulu poganiza kuti ndine Thandi weniweni, ine ndikungoti yebo, yebo, osamva ndi theka lomwe. Mayi uja anazindikira. Anatulutsa nesi, n'kutseka chitseko, n'kundifunsa pang'onopang'ono m'Chingerezi kuti kwathu n'kuti. Anati iye si wapolisi, ntchito yake ndi khungu. Ndinatchula Malawi koyamba pamaso pa munthu wa boma.

Anandimata tizigamba kumsana, kalikonse kali ndi kadontho ka mankhwala ake, ena a m'machubu anga, ena a mtundu wa jekeseni uja. Pambali pa kalikonse analemba nambala pakhungu. Anati ndisasambe kumsana masiku awiri, ndibwerenso adzaone pamene patupe. Apo ndi pamene ndinatulutsa chitenje. Ndinamuuza m'Chingerezi changa chothyokathyoka kuti kwathu akuti nsalu iyi ndi imene yandidwalitsa, ndipo pali munthu akuvutika chifukwa cha iyo. Sanaseke. Anatenga sizasi, n'kudula kakona kakang'ono, n'kukanyowetsa, n'kukamata kumsana pamodzi ndi tinzake. Anakalemba nambala naini.

Kunyumba a Kasim ataona tizigambato ndinawauza kuti ndi mankhwala atsopano. Bodza linanso, ndasiya kuwerenga.

Nditabwerera anamatula kamodzikamodzi, n'kundipatsa galasi kuti ndidzionere ndekha. Pa jekeseni panatupa. Pa machubu panatupa, pena mpaka matuza. Anandiyang'ananso patapita masiku ena awiri, zinali chimodzimodzi. Koma pa nambala naini, achemwali, panali posalala ngati pamsana pa khanda. Msana wonse unali moto kupatula pamene panagona nsalu yanu.

Anandifotokozera mojambula papepala. Akuti m'jekeseni muja muli mankhwala otchedwa mahomoni, ndipo m'machubu aja muli ena otchedwa masiteroidi, ndipo awiriwa ndi apachibale. Anthu ambiri amawathandiza, monga Enelesi ndi mwana wa madamu. Koma alipo ochepa amene thupi lawo limawakana, ndipo ine ndine mmodzi wa iwo. Ndiye kuti miyezi itatu yonse ndinkazimitsa moto ndi palafini.

Ndinamupempha kuti achotse jekeseniyo m'thupi. Anapukusa mutu. Anati chimene chinalowa chinalowa, palibe singano yochikoka, chidzatha chokha pang'onopang'ono, mwina miyezi ingapo. Anandilanda machubu onse, n'kundipatsa mafuta oyera opanda mankhwala ndi timapilitsi toletsa kuyabwa timene timandigonetsa chiimirire. Anati ndisadzabayitsenso, ndipo mapilitsi olera ndisawayandikire iye asanandiyeze. Anatinso ndizivala nsalu ya thonje yofewa basi. Analemba pepala loti matendawa sapatsirana. Madamu analiwerenga, anati sharp, ndiye kuti zili bwino, koma kapu yanga ikadali pazenera.

Zimenezi zinachitika kumapeto kwa Febuluwale. Lero ndi pa 20 Malichi. Mufunsa kuti masabata atatu onsewa ndimadikira chiyani, pepala lili m'manja. Funsani ndithu, muli ndi ufulu.

Ndinayesa kuwauza a Kasim Lamulungu lina. Akanakhala munthu wankhanza bwenzi zili zosavuta, ndikanangolankhula n'kulandira zibakera zanga. Koma bambo amenewa kuyambira Novembala amanditsuka zilonda ndi manja awo, osanyansidwa. Anandisokera madiresi awiri otaya a thonje pa nthawi yawo yopuma ku fakitale. Tsiku limenelo ankandipaka mafuta kumsana, ine n'kuyamba kuti bambo a Farhana, pali nkhani. Iwo asanamve anati ndisadandaule, munthu amene anachita zimenezi kwa mkazi wawo sadzamukhululukira mpaka kumanda. Munthuyo anali m'manja mwawo. Ndinati nkhani yake ndi ya palafini, watha.

Ndikuuzeni chinanso chochititsa manyazi. Khungu layamba kuuma, nkhanambo zikugwa, ndipo m'malo mosangalala ndikuopa kuchira. Ndikachira a Kasim ayambanso kudikira mwana wawo wamwamuna, ine wopanda jekeseni, wopanda pilitsi. Ndikapanda kuchira, madamu anena kale kuti pofika kumapeto kwa Epulo afuna munthu wina. Kubwerera kumudzi, pasipoti yake iti, nkhope yake iti? Kulikonse kumene ndatembenukira ndikugunda khoma ngati la pazenerali. Koma zonsezi ndi zanga, ndinaziputa ndekha. Inu simunapute kanthu.

A Frazer anandiuza zimene inu simunalembe. Akuti pamjigo azimayi amachotsa zidebe zawo inu mukafika. Akuti ana a aneba analetsedwa kudya pakhomo panu, ndipo pa sadaka ya kwa a Mahmudu anakuuzani kuti musagwire mphika. Akuti Farhana anamenyana ndi mnzake ku madarasa chifukwa anamunena kuti amagona ndi mfiti. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri akukumenyerani nkhondo, mayi ake ali phee ku Durban. Ndinamva manyazi oti sindinawamvepo chibadwire.

Tsono pempho langa ndi ili. Mu envulopu muno mupezamo zinthu zitatu. Khadi la ku kiliniki la dzina la Thandi, Thandiyo ndine, ndipo masiku a jekeseni alembedwapo. Pepala la dokotala, limenelo mukapatse adokotala a pa chipatala cha kwathuko akawerengere amalume n'kuwamasulira. Chachitatu ndi kansalu kobiriwira kokulungidwa m'pepala, nambala naini uja. Ndinakapempha kwa dokotala, anandipatsa.

Tsiku la msonkhano, abale onse atakhala pansi, apongozi anga ali pomwepo, kalata iyi iwerengedwe mokweza kuyambira pa moni mpaka pa dzina langa. Asadumphe mzere, ngakhale wa kukodza pamphasa uja. Amve kuti amene anatseka mimba ya Tahira ndi Tahira, mwakufuna kwake, mobisira mwamuna wake. Amve kuti amene anakhala chete mkulu wake akunamiziridwa ufiti ndi Tahira yemweyo. Akafuna munthu womuloza zala pamjigo, dzina ndi limenelo.

Ndikukudziwani, achemwali. Mukamaliza kuwerenga mulira, kenako muipinda kanayi n'kuisomeka kudenga, n'kunena kuti bola ine ndikhale mfiti kusiyana n'kuti ukwati wa mwanayu uthe. Munachita zomwezo tili ana, nditaswa mtsuko wa amayi, mikwapulo munalandira ndinu. Ulendo uno njira imeneyo ndaitseka. A Frazer anyamulanso kapepala kena kopita kwa amalume, kowauza kuti kwa inu kuli kalata yanga yoti iwerengedwe pagulu, ndipo aifunse. Mukaibisa mukhala mwanamiza amalume. Mundikwiyire, palibe kanthu.

A Frazer anyamuka Loweruka. Akuti akayenda bwino afika kwanuko pasanathe masiku khumi. Kuchokera pamenepo nkhani sichedwa, apongozi adzapeza foni pa positi ofesi n'kuimbira ku fakitale. Ndiye kuti ndatsala ndi masabata ochepa oti a Kasim amve kuchokera pakamwa panga asanamve kwa amayi awo. Sindikulonjeza kuti ndilimba mtima mawa kapena mkuja, mwandiona kale mmene ndilili. Koma kalatayi ikangokwera galimoto, kubwerera kulibe, ndipo n'chifukwa chake ndikuitumiza ndisanawauze. Chimene adzachite sindikuchidziwa. Mwina adzandipatsa mawu ondisiya, mwina adzangotuluka osalankhula. Mundipempherere.

Za kukhululuka sindikupempha lero. Ndilibe nkhope yopemphera, ndipo simuyenera kufulumira nazo. Mukadzafuna kunditukwana lembani masamba khumi, ndidzawerenga onse. Mizere inayi ija yokha musadzandilemberenso.

Mundiperekere moni kwa amalume a Nuhu ndi azakhali, kwa apongozi anga ngakhale adzakhale atakwiya, ndi kwa onse otifunira zabwino. Farhana mumuuze kuti asiye ndewu, koma mumuuzenso kuti sanalakwe, amene ankamuteteza ndi munthu woyera. Binti mumupsompsone pamphumi. Zovala zawo ngati munayamba kulongedza, masulani, mubwezere m'dengu momwe zimakhala. Ana aja sakupita kulikonse.

Madamu ndamva galimoto yawo pageti, ndiyenera kuvala nailoni wawo uja. Masana onsewa ndalemba ndili chivulire, nditangofunda chitenje chanu. Ndimatero tsiku lililonse a Kasim akapita kuntchito. Ndachichapa kambirimbiri mpaka chafewa, chaperewera kakona kamodzi. M'nyumba yonse ino, m'Durban monse muno, ndi nsalu yokhayi imene ikandikhudza sindimva kuwotcha.

Allah akusungeni, akupatseni mphamvu, ndipo akubwezereni dzina lanu limene ine ndinalitaya.

Ndine mng'ono wanu wokulakwirani,

Tahira